Sabata ya makofia

Lolemba
Ndabweza ntchito ya mayunifolomu a sukulu. Sabata ino ndikusoka makofia okhaokha, ndikagulitse Lachisanu pakhomo la mzikiti. Nsalu yoyera ndagula ku Limbe. Mayi a kunyumba angoti "Chabwino," koma chabwino wawoyo sindikumukhulupirira.
Madzulo ndamva zachilendo. Yusufu, mwana wa aneba amene wangobwera kumene kuchokera kumaphunziro achipembedzo, waswali mu mzikiti mutu uli pamtunda. Sabata yanga yomwe ino!

Lachiwiri
Yusufu akuuza anthu pa Boma kuti kofia ndi ulemu, koma swala imalandiridwa ngakhale usanavale. Wamutuma ndani?
Masana ndamuona akutuluka mometera mwa a Jafali, onse awiri akuseka. Ndazindikira tsopano. Mutu wobisika sufuna kumetedwa pafupipafupi. Anthu akavula makofia, amene apindule ndi a Jafali.

Lachitatu
Singano yathyoka kawiri. Amene ndikuwakayikira:
Yusufu.
A Jafali, andipatsa moni wautali kwambiri lero.
Mayi a kunyumba, anyamula kofia imodzi n'kufunsa ngati ndi ya mwana.
Wogulitsa singano.

Lachinayi
Ndapita kwa a shehe kuti athetse nkhaniyi. Akuti kuvala n'kwabwino ndithu, iwonso sangaswalitse opanda kofia, koma munthu wosavala tisamubweze pakhomo. Ndawapempha kuti mawa anene mbali yoyamba yokhayo. Angondifunsa ngati ndikusokabe.
Ndevu zawo n'zoduliridwa bwino kwambiri. Ndikulidziwa dzanja limenelo.

Lachisanu
Ndayala makofia pansalu. Aliyense akubwera atavala yake kale! Yusufu nayenso wavala, akuti sakufuna kukhumudwitsa akuluakulu. Bambo wina wa ku Nchema wayesa zingapo, zonse zikungokhala pamwamba pa mutu ngati chivundikiro cha ketulo. Wandithokoza n'kumapita.
Ndavala imodzi kuti anthu aone. Powerama m'swala yagwa, yagubuduzika mpaka mzere wa kumbuyo. Ndamaliza swala mutu uli pamtunda, mtima ukungoti: Mulungu, zimene amanena Yusufu zija zikhale zoona.

Loweruka
A Jafali abwera nayo kofia ija pakhonde pomwe ndimasokera. Inakaima pamaondo pawo. Sanaseke. Angoti, "Achimwene, ndinali kumbuyo kwanu dzulo. Kunkhongoko kwafika poipa. Mubwere mawa."
Mayunifolomu aja akusoka telala wa ku Mikolongwe. Mayi a kunyumba atenga makofia ena akuvundikirira majagi a thobwa. Akuti pajagi ndiye akukwana bwino.

Lamulungu
Ndasomola otsalawo, mwina nsaluyo ichita matumba a m'kati mwa mathalauza. Yusufu wadutsa, wandilonjera mwaulemu, sanatchule za Lachisanu. Ulemu umenewunso ukundikayikitsa.
Kenako ndapita kwa a Jafali. Ndikadali ndi maganizo akuti awiriwa anapangana. Koma kumeta amatha.