Jekete Imodzi, Mageti Atatu

Lolemba

Mu sitima ya Metro, kuno kudziko la eni, ndikuwerenga nkhani. Boma la dziko lina likuyang'anira apolisi ake a zigawo zonse kuti asamawononge chuma: yunifomu imodzi, nsapato zofanana, kagwiridwe ka ntchito kamodzi. Nzeru zenizeni! Ndinagwirapo upolisi kumudzi, chisokonezo chake ndikuchidziwa.

Loweruka kukubwera woyendera wa ku likulu la kampani yathu ya alonda. Akuti masupavaiza tachuluka, ena achotsedwa. Osati ine. Pageti ndinaimapo mokwanira.

Malo anga atatu:
geti la malole ku Al Quoz, padzuwa: a Tembo a ku Chipata;
nyumba yozizira yosungiramo nyama: Gift;
polowera nyumba ina yosanjikizana ku JLT: Esnart.

A Tembo amavala kamalaya kopyapyala, Gift chijekete ngati bulangete, Esnart suti. Kampani imodzi imeneyi? Zitha sabata ino.

Lachiwiri

Ndili kumsika wa ku Deira, kusaka yunifomu. Mfundo yanga ndi yosavuta: kwa a Tembo kukutentha, kwa Gift kukuzizira, choncho yankho lili pakati. Jekete yosakhuthala, yosapyapyala. Wogulitsa akuti, "Habibi, bwenzi langa, iyi ndi ya nyengo zonse." Bwana pafoni sakudikira n'komwe kuti ndimalize: "Yotchipa? Khalas, basi, gula."

Madzulo ndikulemba lamulo la kavalidwe. Lachidule, lomveka, lopanda pothawira.

Lachitatu

Onse avala. Ndawajambula. Kukongola kwake!

A Tembo: "Ba supavaiza, mufuna nipse monga nkhuku yowotcha ya shawama?" Ndikuwafotokozera za pakati paja. Thukuta likuwadontha pachibwano.

Gift sakutsutsa. Mano okha ndiwo akugundana. Kudandaula si umboni.

Lachinayi

Zovuta zing'onozing'ono. Gift wafunda bulangete pamwamba pa jekete. A Tembo yawo aipachika pageti, akuti ikulondera nawo.

Ndaganiza mofatsa. Vuto si jekete, vuto ndi lakuti munthu akukhalitsa malo amodzi. Azisinthana! Wotenthedwa apite kozizira, wozizidwa atuluke. Pakutha pa sabata thupi lililonse likhala litalandira zapakati. Ndikudzidabwa ndekha.

Esnart: "Achimwene, munayamba mwatifunsako ife?" Ayi. Dokotala safunsa wodwala dzina la mankhwala.

Lachisanu

Kusinthana kwayamba.

Esnart ali pageti la malole. A Tembo madalaivala onse amawadziwa nkhope, amangokweza dzanja lole n'kudutsa. Esnart akuimitsa aliyense monga amachitira ku JLT: "Mwabwera kwa ndani? Akukuyembekezani?" Mzere wafika kumsewu waukulu. Mahutala! Onse akufuna kutsitsa katundu nthawi ya mapemphero a Juma isanakwane. "Yalla, sista, fulumira!" Iye akuwauza akhale pansi adikire kaye. M'lole!

Gift ali ku JLT. Kozizira kuja anazolowera kutseka chitseko msanga kuti kuzizira kusatuluke. Wamenyetsa chitseko kumbuyo kwa mayi wina, kagalu ka mayiyo katsala panja, chingwe pakati. Foni yanga sikupuma.

A Tembo alowa kozizira thukuta lili thoo, akuimba nyimbo. Masana mawu atha.

Mfundo ikadali yolondola. Anthu ndiwo sanaizolowere.

Loweruka

Woyendera wafika, bambo wodekha wa magalasi. Ndikumuzungulitsa malo onse atatu. Majekete ofanana, mabatani otseka mpaka m'khosi. A Tembo akulephera kuyankhula, zomwe zathandiza kwambiri.

Wasangalala. "Ndiye kuti mlonda aliyense angaime paliponse?"

Ndithu, ndikutero.

"Popanda womuuza chovala kapena kopita?"

Apa ndikufotokoza bwino kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga. Lamulo limodzi, jekete imodzi, kasinthasintha wodziyendetsa yekha, sipafunikanso munthu woima pakati. Mawu omalizawo ndikuwamva akutuluka m'kamwa mwanga. Bambo uja akugwedeza mutu movomereza, akundigwira chanza ndi manja awiri.

Lamulungu

Bwana waimba ndikutuluka m'tchalitchi. Nkhani ziwiri. Yoyamba: jekete yanga ivalidwa m'malo onse a kampani, mpaka ku Sharjah. Yachiwiri: likulu lapeza kuti pamalo anga atatu sipafunikanso supavaiza. Umboni wake ndinapereka ndine, ndipo kunena zoona unali wokwanira.

A Tembo ali pabedi ndi chimfine, alonda aperewera, choncho mawa ndikaima ndine pageti la malole ngati mlonda wamba. Atumiza uthenga: "Ba mudala, nyamulani manzi yambiri."

Ndafunsa bwana ngati ndingavale kamalaya kopyapyala, poti dzuwa la mwezi uno silisewera. Akuti lamulo sililola. Ndaliwerenganso kawiri, kufunafuna kampata. Mulibe. Ndinalilemba bwino kwambiri.