Kamera Yanga Yoonera Pakawindo

Anzanga, sekani pang'ono chabe, poti kwathu ku Zengeza, kufupi ndi Harare, andiseka kale mokwanira. Ine ndine mmodzi wa anthu ouma mutu aja amene mpaka lero akujambulabe ndi filimu pomwe dziko lonse linasamukira pa foni. Kamera yanga inali ija yaikulu yokhala ndi galasi m'kati, yoti ukasuzumira umaonera mu lenzi mwenimwenimo. Kujambula inkajambula bwino, koma kulemera kwake ngati njerwa, ndipo ukadina inkalira mpaka abusa kutembenuka pa guwa.

Ndiye tinamva kuti amalume akubwera kuchokera ku Dedza kudzaona mlongo wawo, amayi anga. Awiriwa anasiyana ali ana, pamene agogo ankabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu n'kusiya mwana wamwamuna kumudzi. Amayi anandiitana nati, "Iwe, ndikufuna chithunzi chimodzi chokha, ine ndi achimwene, choti ndipachike pakhoma. Ukalamba uwu, sindidziwa ngati tidzaonanenso."

Munthu wanzeru akanangopukuta fumbi kamera yake yakale ija, si choncho? Ine ayi. Ndinati chithunzi chotere chikufunika renjifainda, kakamera kopepuka, kosachita phokoso, kamene ndinakhala ndikukasirira pa intaneti mpaka malovu. Ndinapeza mkulu wina ku Harare amene anavomera kuti tisinthane. Iye anatenga kamera yanga yopanda lenzi, ine ndinatenga yake ndi kalenzi kake kamodzi, malenzi anga akale onse n'kutsala nawo. Mu kombi pobwerera ndinkangomwetulira ndekha, ndikuti munthu uja ndamudyera masuku pamutu.

Kufika kunyumba, nditenge lenzi yanga yokokera zinthu zakutali kuti ndilowetse, yakana. Ndizungulize uku, yakana. Nditenge ina, chimodzimodzi. Kani mtundu uliwonse wa kamera uli ndi pakamwa pakepake, ndipo ine sindinafunse n'komwe. Mkazi wanga, Mai Chipo, anandiyang'ana ndikutuluka thukuta n'kufunsa kuti, "Baba Chipo, mukukonza kamera kapena mukutsegula botolo la chiponde?" Ndinamuyankha kuti akatswiri enieni amajambula ndi lenzi imodzi, zotsalazo amachita ndi miyendo.

Loweruka abale anadzaza pakhomo, a ku Unit L, a ku Chikwanha, mpaka anthu amene timapangitsa lendi kuseri anatulutsa mipando yawo. Ine ndi kamera pakhosi, ndinaimitsa aliyense kuti ndiyambe ndawaphunzitsa. "Kamera iyi si yamasewera. Siili ngati yakale ija. Iyi munthu suonera mu lenzi ayi, umaonera pakawindo aka kapambali." Ndinakaloza kawindoko kuti onse akaone, agogo ena mpaka kuvala magalasi. Kenaka ndinalamula kuti mafoni onse abwerere m'matumba, poti zithunzi za pa foni zimatha ndi foni yomweyo ikagwera m'madzi. Anthu anamvera, abale anga ndi aulemu.

Tsopano ntchito ya miyendo ija inayamba. Kuti onse akwane m'kawindo ndinayenera kubwerera chambuyo, ndibwerere, ndibwererenso, mpaka phazi linalowa m'beseni la madzi otsukira mbale. Ndinalitulutsa ngati palibe chachitika, nsapato ikulira chofuchofu, n'kubwereranso, ulendo uno m'bedi la ndiwo zamasamba la Mai Chipo. Palibe anaseka mokweza, koma mapewa a anthu ankagwedera.

Kenaka inafika nthawi yeniyeni. Amayi ndi amalume anakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mapeyala, atagwirana manja, nkhope zofanana ngati anawadinda tsiku limodzi. Amayi misozi inali m'maso. Ndinagwada pa fumbi, ndinazunguliza lenzi mpaka zithunzi ziwiri za m'kawindo zinakumana n'kukhala chimodzi, poti umu ndi mmene renjifainda imakuuzira kuti zalunjika, ndiye ndinadina. Kaphokoso kake ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi.

"Mphwanga, wajambula kale?" anafunsa amalume.

"Kalekale, amalume. Umu ndi mmene imagwirira yabwino."

Ndinajambula mpaka filimu yonse inatha, mtima uli m'malo, chifukwa chilichonse m'kawindo chinkaoneka chowala bwino kuposa ndi maso anga.

Lolemba tinawaperekeza amalume kokwerera basi ku Harare, ine n'kudutsira kwa mkulu wotsuka mafilimu. Nditabwererako anatambasula filimu ija pa nyali, anaiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira, n'kundiyang'ana ine. "Mudhara, hapana chinhu," anatero m'Chishona. Mulibe kanthu. Filimu yonse mbee, ngati pulasitiki yokulungira buledi. Ndinayamba kukalipa kuti wandiwonongera ndi mankhwala ake, iye anangoti nditulutse kamera. Nditaitulutsa m'chikwama anagogoda ndi chala pachivindikiro cha lenzi n'kufunsa kuti, "Ichi munachichotsa?"

Anzanga, sindinachichotse. Kamera yanga yakale ukaiwala chivindikiro umaona mdima, ndiye umachotsa osaganiza n'komwe. Iyi ayi, kawindo kamakuonetsa dziko lonse likuwala pomwe lenzi ili m'tulo. Tsiku lonse lija ndinkagwada, kuponda m'mabeseni, kuuza nkhalamba kuti zimwetulire, ndikujambula kuseri kwa chivindikiro.

Ulendo wa kombi wobwerera ku Zengeza sunanditalikirepo chonchija. Amalume nthawi imeneyo anali atayandikira malire. Nditawauza amayi, sanakalipe, anangoti "Oo," n'kuyang'ana khoma, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mbama.

Apo Mai Chipo anatulutsa foni yake mwakachetechete. Kani iye lamulo langa lija analimvera ndi khutu limodzi, anaba chithunzi chimodzi ataima chapambali. Amayi ndi amalume akuoneka bwinobwino atagwirana manja, ndipo patsogolo pawo pali ine, nditagwada ngati ndikufunsira mbeta, nsapato imodzi yonyowa, chivindikiro chakuda chili phaa pa lenzi.

"Ndiye unachiona, osandiuza?" ndinamufunsa.

"Tonse tinachiona, Baba Chipo. Amalume anafuna kunena, koma tinawaletsa. Si munati kamera yanu imaonera pakawindo?"

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Chithunzicho anakachikulitsa, ndipo nditawapempha kuti andidulemo anakana, ati mwana wawo nayenso ayenera kuoneka. Chili pakhoma pabalaza, moyang'anana ndi chitseko, mlendo aliyense amayamba wachiona asanapatsidwe moni. Ine ndinalumbira kuti sindidzaphunzitsanso anthu kamera imene sindinajambulepo nayo ngakhale nkhuku.