Mkamwini wa kwa Entapulaizi

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo ndikamaukamba mtima umandiwawa.

Kwathu kuno kunali a Gwedeza, mkulu wosamva za anzake. Iwowa anali malume ake a mtsikana wina, Esinala, choncho pa za ukwati wake mawu omaliza anali awo. Esinalayo ankakondana ndi Lemani, kalipentala wakhama.

Tsiku lina a Gwedeza anapita ku Limbe. Kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, masitolo akuluakulu mayina ake akuthera ndi mawu amodzimodzi: Entapulaizi. "Ha! Mtundu wolemera bwanji uwu!" anatero. "Tauni yonseyi ya banja limodzi?" Ankayesa ndi mfunda, ngati Phiri kapena Banda.

Tsoka ilo, sabata yomweyo kunabwera mnyamata wa kuboma, Zakeyu Mkuyu, kudzafunsira Esinala. Anatulutsa chithunzi cha chikwangwani chake chonyezimira: Mkuyu Entapulaizi.

"Ndiwe wa kwa Entapulaizi?" anafunsa a Gwedeza, maso ali tong'o.

"Eya, bambo."

"Basi, mbeta ndi yako!"

Esinala analira mpaka maso kutupa. Aphunzitsi a Kamwendo anayesa kuwalangiza: "Akulu, mawuwa ndi a Chingerezi, angotanthauza bizinesi. Ngakhale wogulitsa tomato pamsewu akhoza kudzilembera."

"Nsanje!" anakalipa a Gwedeza. "Inu mfunda wanu ndi choko."

Ukwati unachitika. Lemani analongedza nyundo ndi macheka ake n'kulowera ku Joni, osabweranso.

Patatha mwezi a Gwedeza anavala jekete kukaona chuma cha mkamwini. Chikwangwani anachipezadi, chachikulu zedi, koma chokhomedwa pa kaokala konga khola la nkhuku. Panja panali Esinala, ali khuma, atawonda.

"Amalume," anatero, "lowani muone chuma munandisankhira chija."

Anasuzumira. Mashelefu onse opanda kanthu. Pakona panali paketi imodzi ya shuga, yobooka, nyerere zili ndandanda kututa.

"Nanga abale ako a ku Limbe aja sakuthandiza?" a Gwedeza anamufunsa Zakeyu, yemwe anali m'katimo.

"Abale ati, bambo? Dzinali ndinangouza wopenta kuti awonjezere, likome."

Koto! A Gwedeza anakhala pansi pafumbi, jekete lomwelo, misozi ili chuchuchu. Mwana anali atapita kale, ndipo kulira sikubweza ukwati.

Atafika kumudzi anthu anawazinga: "Tatiuzani, mwakaona zotani kwa apongozi olemera?"

Iwo anangopukusa mutu nati, "Chikomekome cha Mkuyu, m'kati muli nyerere."