Dzanja Langa Silinafike pa Khutu

M'mawa uliwonse ndikamatsitsa mwana wanga pa geti ya sukulu ina yake panjira ya ku Malosa, ana amaima n'kudutsitsa dzanja pamwamba pa mutu, kugwira khutu. Anthu odutsa amayesa ndi moni watsopano wa ana amakono. Ine ndimadziwa chimene akutanthauza, ndiye ndimangotembenuza njinga n'kumapita osacheuka.

Zinayamba pamene mwana wathu woyamba, Zione, anakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Timakhala kwa Malemia, ndipo sukulu ilipo pafupi, yongodumpha msewu. Mayi a Zione ankafuna imeneyo. Ine ndinakana. Ndinali nditapitako kukaona: ana a Sitandade 1 ali pansi pa mtengo, mphunzitsi mmodzi akukuwa, mbuzi zikudutsa pakati pawo ngati nazonso zinalembetsa. Ine ndinaphunzira pomwepo, ndinalekezera Sitandade 6, ndipo lero ndimakonza njinga pa Songani (sindikuti inalakwa ndi sukuluyo, koma munthu umafuna pokankhira mlandu). Mtima wanga unali pa sukulu ya kumtunda, imene ana ake amasankhidwa kupita ku sekondale chaka ndi chaka.

Vuto linali lakuti kumtundako malo ndi ochepa, ndipo ahedi ake, mayi wachikulire ndithu, safuna kumva za tiana tosakwana zaka. Zione zaka zinakwana, koma msinkhu anatengera ine, ndipo ine si munthu amene mungamuone msanga pagulu. Buku lake la kusikelo, limene likanatiikira umboni, linanyowa denga litadontha, n'kusanduka phala. Anzanga pa Songani anandiuza kuti zikatero ahediwo amagwiritsa ntchito njira yakale ija: mwana adutsitse dzanja lamanja pamwamba pa mutu, agwire khutu lakumanzere. Lafika, walembedwa. Silinafike, abwere chaka chamawa.

Nditafika kunyumba ndinamuyesa Zione. Panatsala kampata kolowa chala chimodzi.

"Bambo a Zione, mwanayu angopita pafupi pompa," anatero mayi ake. "Apa amalemba ana, salemba makutu."

Sindinawamvere. M'mawa ndisanapite kuntchito ndinkamunyamula Zione kuti alendewere ku nthambi ya mango, mkono utalike. Iye ankaona ngati masewera. Patapita masiku ndinamuyesanso, kampata kali pomwepo. Ndinaganiza kuti vuto ndi tsitsi, popeza mayi ake anali atamuluka bwino lomwe, mizere yotukuka. Ndinadikira apite kumsika, n'kumumasula lonse (za zimene ndinamva madzulo ake, tisiye). Kampata kanachepa, koma sikanathe.

Apa m'pamene ndinayamba kuphunzitsa mwana wanga chinyengo.

"Tamvera, Zione. Ukamagwira, uzipendeketsa mutu pang'ono, khutu lizikumana ndi dzanja panjira. Pang'ono chabe. Ahedi saona."

Mwanayo ndi wanzeru, anamva kamodzi.

Tsiku lolembetsa ndinavala jekete yanga ya paukwati, kuti ahedi aone kuti mwanayu akuchokera kwa anthu. Tsiku la ukwatilo ndinali woonda. Chichokereni pamenepo tchipisi cha pa Songani chagwira ntchito yake, moti mabatani sanakumane, koma ndinati bola mapewa alowa. Tinapeza mzere wautali wa amayi okhaokha, bambo ndinali ine ndekha. Kutsogolo kwathu kunali mayi a Twaibu, amene amagulitsa mandasi pafupi ndi pamene ndimakonzera njinga. Tinapatsana moni, ndipo anandiyamikira jeketeyo.

Ahedi anali atakhala pakhonde la ofesi, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Nthawi yathu itakwana anamuyang'ana Zione kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ulendo umene sunawatengere nthawi.

"Zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi, mayi."

"Buku la kusikelo?"

"Linawonongeka ndi mvula."

"Mvula ya kuno imadana ndi mabuku amenewa," anatero osaseka. "Iwe mwana, tagwira khutu."

Zione anagwira buluku langa. Ndinamunong'oneza kuti achite ngati kunyumba, koma anangoika chala m'kamwa n'kumayang'ana pansi. Amayi kumbuyo anayamba kung'ung'udza za dzuwa. Ahedi anali atayamba kale kuyang'ana mwana wotsatira, ndipo ndinaona malo a mwana wanga akupita ndikuona.

"Taona, Zione, chonchi," ndinatero, n'kuponya dzanja m'mwamba.

Jekete inang'ambika kukhwapa, kulira kwake mpaka kumapeto kwa mzere. Munthu wanzeru akanatsitsa dzanja pomwepo. Ine ndinapitiriza, poganiza kuti popeza jekete yapita kale, bola ntchito itheke. Zala zinafika pakati pa mutu n'kuima. Ndinakankha ndi mphamvu, paphewa panamveka kuthetheka, ndipo mkono unauma pomwepo. Kutsogolo sukupita, kubwerera ukukana. Ndinaima chomwecho pamaso pa amayi onse aja, dzanja pamutu, kukhwapa kuli pamtunda, khutu lili kutali.

Ahedi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo, inu mubwere chaka chamawa."

Amayi anaseka mpaka ena kukhala pansi. Mayi a Twaibu anadziphimba kumaso ndi mpango, mapewa okha akugwedezeka. Zonsezi ndikanapirira. Koma Zione, poona bambo ake akuvutika, anachotsa chala m'kamwa kuti andithandize, ndipo analankhula momveka bwino kwambiri.

"Adadi, pendeketsani mutu. Paja munati ahedi saona."

Kuseka kunatha. Ndinachita mantha enieni, kuposa ululu wa phewa lija. Mwana zaka zake zinali zokwana, sanalakwe kanthu, ndipo amene anali kumutayitsa malo ndinali ine.

Ahedi anadzuka pampando, n'kubwera kudzagwada pamaso pa Zione. Anamugwira chibwano ndi zala ziwiri kuti mutu uwongoke.

"Za adadi akozo uzisiye. Ine ndimaona. Tagwira tsopano."

Zione anakweza kadzanja kake, kanadutsa pamutu, kanatsika pang'onopang'ono, ndipo chala chapakati chinakhudza nsonga ya khutu. Ahedi anayang'anitsitsa, kenako anabwerera pampando.

"Walembedwa. Wina awathandize bambowa."

Anandithandiza ndi mayi a Twaibu, kutsitsa mkono uja mwakachetechete ngati akutula mtsuko. Ndinawathokoza, ngakhale ndinkadziwa kuti mawa lake aliyense wogula mandasi alandira ndi nkhani yomwe. Pobwerera ndinakankha njinga ndi dzanja limodzi, Zione ali pakaliyala atafungatira jekete. Nkhani inatipitirira panjira, chifukwa tinapeza mayi a Zione ataima pakhomo, madzi othowera ali kale pamoto.

"Ndiye alemba ndani," anafunsa, "mwana kapena inu?"

Zione panopa ali Sitandade 3 ndipo amakhoza bwino. Ine ndimati dzanja lija linafika chifukwa cha nthambi ya mango. Mayi ake amati linafika chifukwa cha zaka, ndipo likanafika msanga ndikanapanda kumuopseza mwana ndi maphunziro anga. Mlongo wake wa Zione, Yamikani, akuyamba chaka chamawa. Buku lake la kusikelo lili mu jumbo, jumboyo ili mu sutikesi, ndipo kiyi amasunga mayi ake. Anandiuzanso kuti kolembetsa apita okha.

Komabe dzulo, iwo atapita kumsika, ndinamukweza Yamikani ku nthambi ija, kungoti azolowere. Ndipo ine ndikakhala ndekha kubafa ndimayesabe. Pa sukulu ija sangandilembe mpaka lero.