Kampani ya Mtondo wa anaTembo

Lolemba

Tsiku lathu lomaliza linali ngati ena onse. Akazi anga anaTembo akusinja nshawa kuseri, ine pampando ndikuwawerengera nyuzipepala: Chipata idzakhala likulu la malonda a dziko lonse, njanji idzachokera ku Mchinji, azungu adzabwera ndi mafakitale. Iwo osasiya musi: "Nanga akabwera adzapaka chiyani pabuledi? Muwauze za chiponde changa." M'mawa mwake anagwa pachitsime, osadzukanso. Yatha miyezi isanu.

Lero kalata. Alamu anga a Rozaria akubwera Lamulungu kuchokera ku Chiparamba kudzatenga katundu wa akulu awo, monga mwa mwambo. Zovala atenge. Mtondo ayi!

Nzeru: katundu wa kampani sagawidwa. Ndikutsegula kampani.

Lachiwiri

Tauni yonse yagwidwa malungo amodzi. Wometa tsitsi akuti akudikira makasitomala a ku Japani. Wokonza njinga wagula chikwama cha mabwana.

Chikwangwani changa chatha: CHIPONDE CHA DZIKO LONSE. Wolemba wawonjezerapo ndege, ngakhale ikufanana ndi mlamba.

Zofunika: nshawa, mchere, mabotolo, keyala ya ku London.

Lachitatu

Kukazinga. Ndavala tayi, popeza ndine bwana. Ndangolowa m'nyumba kukafuna cholembera, potuluka utsi tolo! Amai Zulu, oyandikana nafe, pampanda: "A Mwale, mwayamba fakitale ya makala?"

Lachinayi

Musi ndi wolemera chonchi? Zaka zonsezi anaTembo ankaunyamula akuyimba. Nshawa zikudumpha, nkhuku zikukondwa. Amai anayi pampanda, wina wabwera ndi mpando. "Tayi alowa mumtondo, bwana!" Walowadi.

Zopindula: matuza atatu, botolo limodzi.

Lachisanu

Ku sitolo kumene kwabwera makina a fakisi. Akuti amafikitsa zinthu ku Ulaya nthawi yomweyo. Ndapereka botolo. Mwini sitolo: "Atate, awa amatumiza pepala, osati chakudya." Walawa pang'ono. "Kodi ndi mankhwala a chifuwa?"

Loweruka

Wamalonda wakunja woyamba! Wa ku Malawi, pa njinga. Wawerenga chikwangwani, wandigwira chanza ndi manja awiri. Akufuna mabotolo opanda kanthu. Lodzazalo akuti ndiyambe ndalitsuka.

Galu nayenso wakana.

Lamulungu

Titachoka ku Misa, alamu afika pangolo. Ndawafotokozera malamulo a makampani, mwaulemu. Amvetsera mpaka kumapeto. Alawa chiponde. Kenaka aseka mpaka misozi, ine ndatsatira, ndipo misozi sinaleke pamene kuseka kunalekera.

Akazinga nshawa zotsala, atenga musi. Du, du, du, kapumulo, du. Ndendende akulu awo, mai mmodzi anawaphunzitsa. Ndakhala pampando ndi nyuzipepala, osawerenga ngakhale mzere. Si mtondo umene ndimaumirira. Mtondo wokhala chete kuseri ndi chipika chabe.

Ndakweza ndekha pangolo: zitenje, nsapato za kutchalitchi, lichero, musi, mtondo. Ndi chikwangwani chomwe. Ndasunga kasupuni kamene anaTembo ankandilawitsira.

Alamu, ngolo ikunyamuka: "Ndizikutumizirani botolo limodzi mwezi uliwonse, abwana. Azungu adikire njanji."

Chabwino. Likulu lasamukira ku Chiparamba. Tayi ndamuviika m'madzi.