Mbozi ya m'Kompyuta ya Malemu

Amene akuti ndine wabodza aike nkhomo za bawo pansi ayang'ane kuno. A Jafali, inu mumaseka nkhani isanayambe, senderani pafupi kuti museke zimene mwamva. Ine Mulepa, amene ndinali mlangizi wa zaulimi kuyambira ku Chikweo mpaka kuno ku Nkaya, njinga zikutha ine osatha, ndinalowa m'kompyuta ndi miyendo yangayi, ndipo ndinatulukamo wamoyo. Mukumva?

Kompyutayo inali ya malemu akazi anga, mayi a Tereza. Mwana wathu Tereza atamaliza sukulu ku Zomba anawasiyira, ataikamo mabanja awiri, Windozi ndi Linakisi, diski imodzi koma aliyense munda wake, malire ali pakati. Ukaiyatsa inkayamba yakufunsa kuti lero ulowa kwa ndani, ngati mitala yachilungamo. Kwa Windozi kunali nyimbo za kwaya. Kwa Linakisi n'kumene Tereza anasungako mawu a mayi ake, amene anawajambula tsiku lina pakhonde iwo osadziwa. Mawu amenewo kwina kunalibe, poti foni imene anajambulira inagwera m'chitsime kalekale.

Maliro atatha anabwera alamu anga a Nampinga, mwinimbumba, kudzagawa katundu. Anagawa mbale, zitenje, nkhuku, ngakhale ambulera, wina nsalu wina ndodo. Ine mkamwini wodikira kusudzulidwa ndinalibe pakamwa. Atafika pa kompyuta anapeza kuti mbumba ili magulu atatu koma kompyuta ndi imodzi, ndiye wina anawanong'oneza kuti ku Balaka kuli munthu woika nyimbo m'mafoni amene amadziwa kugawa diski. A Nampinga anangomva mawu oti kugawa okhawo. M'mawa ine ndili kuchigayo, iwo anaikulunga kompyuta m'chitenje, ulendo wa ku Balaka.

Nditamva ndinauyamba wapansi motsata njanji, ndinathamanga mwakuti ndinapitirira sitima ya katundu, woyendetsa n'kusuzumira pawindo kundipempha kuti ndimunyamulireko mabogi awiri, ine n'kumuyankha kuti iyayi, lero ndili pachangu, ndipo chithunzithunzi changa chinatsalira m'mbuyo n'kudzandipeza ku Balaka madzulo chili wefuwefu. Koma ndinachedwabe. Ndinapeza mkulu uja wadula kale diski zigawo zitatu zatsopano, cha a Nampinga, cha azakhali, cha ana a malemu achimwene awo, ndipo poiyatsa kompyuta sinafunsenso funso lake lija. Panali mdima bii, ndi timawu tiwiri ta Chingerezi pakona.

"Madala, apa palibe nkhani," anatero mkulu wa nyimboyo. "Tingofomata."

"Kufomata n'kutani?"

"Kutentha munda wonse, tiyambirenso."

"Tenthani," anatero a Nampinga, "bola magawo atatu aoneke."

Ndinamugwira mkono mkuluyo chala chake chili pafupi kudina, ndipo ndinaugwira mwamphamvu mpaka wotchi yake inayamba kubwerera m'mbuyo. Mukumva? Kenako ndinavala magalasi n'kuwerenga timawu tija. Loyamba linali girabu. Amene sanapite ku maphunziro a zaulimi sangadziwe, koma girabu ndi mbozi yoyera ya m'nthaka, ija imadya mizu ya chimanga. Lachiwiri linali lotanthauza kuti pulumutsani. Ndinakhala pansi. Moyo wanga wonse ndinkaphunzitsa anthu kupha mbozi, lero mbozi ikundipempha ine kuti ndiipulumutse, mawu a mayi a Tereza ali kuseri kwake.

Pa makiyi anga panali fulashi imene Tereza anandimangirira, ija imadzutsa kompyuta payokha osakhudza za eni nyumba, mlendo wobwera ndi mphika wake. Ndinaibaya m'mbali, ndinavula jekete, ndinadzola mafuta ophikira, ndinatulutsa mpweya wonse umene ndinapuma chibadwire mpaka ndinachepa ngati nthata, ndipo ndinakwera pamsana pa fulashiyo n'kulowa nayo. Musandiyang'ane choncho. Pamphumi panga pali chipserachi, ndinagunda mphuthu ya khomo.

M'katimo diski ndi dambo lalikulu kuposa la Chikweo, ndipo limazungulira mwaliwiro loti ukayang'ana kutsogolo umaona nkhongo yako yomwe, pamwamba pake pakudutsa mkono wachitsulo wofunafuna zinthu, wautali ngati mlatho wa pa Shire, woti ukapanda kuwerama umakumeta mpala wa ulere, uku chimphepo cha fani chikuwomba mpaka chinandizula ndevu imodziimodzi n'kukazibzala kutsidya, kumene ndikukhulupirira kuti zinamera. Ndinayenda chokwawa kufikira pa mphambano, pamene njira ya kwa Windozi imasiyana ndi ya kwa Linakisi, monga zimasiyanira njanji pano pa Nkaya. Pamenepo ndinaipeza mbozi ija, yaikulu ngati belo la thonje, ikulira misozi imene inali itapanga kale thamanda, milamba ikusambiramo.

Inandilonjera m'Chiyao, itaona kuti ndikuchita chibwibwi inasinthira ku Chilomwe, n'kundifotokozera mavuto ake. Ntchito yake ndi kuima pa mphambanopo n'kumalozera alendo njira. Koma ilibe maso. Minda imaidziwa poiwerenga, ndipo katundu wake yense amakhala m'munda wachisanu. A Nampinga atalowetsapo magawo awo, wachisanu unasanduka wina, mbozi inapita kumene inazolowera n'kupeza thengo. Ndinafunsa ngati mbewu zawonongeka. Inati iyayi, mbewu zilipo zonse, anangozula nkhadze za m'malire, bola wina asalimepo.

Apo mtima unakhala pansi, chifukwa milandu ya malire ndaiweruza kuposa mabwalo onse a Machinga. Nkhadze ukaizula dzenje limatsala. Ndinagwada n'kuyamba kununkhiza, dzenje ndi dzenje, kuzungulira dambo lonse, mkono wachitsulo uja ukundiphonya pang'onopang'ono, kwinaku ndikuzula zikhomo za a Nampinga ndi mano poti manja anali otanganidwa, ndikubwezera nkhadze m'maenje ake akale osaphonya ngakhale ndi chikhadabo, chifukwa ukaphonya pang'ono pokha wadula mawu a munthu pakati. Nditamaliza ndinaibereka mboziyo kumbuyo ngati mwana, ikundinyowetsa msana, ndinaiyendetsa munda ndi munda kuti iwerengenso, ndinaisonyeza katundu wake, n'kuikhazika pa mphambano. Windozi anayamba wanyanyala, akuti adziyeze kaye ngati sanaberedwe kanthu, ndipo ndinamusiya akudziyeza. Ndinatulukira pa zenera la fani, n'kugwera m'kapu ya tiyi ya mkulu wa nyimbo uja. Ndinapuma kamodzi, msinkhu wanga unabwerera, kapu inasweka.

Tinazula fulashi. Tinayatsa. Funso lija linabwera: kwa Windozi kapena kwa Linakisi?

Ndinalowa kwa Linakisi, ndinapeza pamene Tereza anandisonyeza, ndinadina.

Kunamveka mpeni ukusenda chinangwa. Chapatali kunamveka mawu anga, ndikusimba mmene ndinagwirira ng'ona ku Liwonde ndi lamba wa buluku. Kenako mayi a Tereza, pafupi penipeni, ngati ali pambali panga:

"Tereza, usamawamvere bambo akowa. Ng'ona imeneyo chaka chatha inali buluzi." Anaseka, anatsokomola pang'ono. "Kawatungire madzi, bodza limaumitsa kukhosi."

Mpeni unapitiriza kusenda.

A Nampinga anatuluka panja, anakaima nthawi yaitali akuyang'ana maminibasi ngati sanawaonepo. Pobwera anaikulunga okha kompyuta m'chitenje chija, chimene chinali cha mlongo wawo, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Tengani, alamu. Ichi sichigawika."

Atandisudzula ndinachoka pamudzi paja ndi njinga, jekete ndi mtolo umenewo. Kuchokera apo ndimaiyatsa m'mawa uliwonse ndisanasukusule. Mbozi imandifunsa kumene ndikulowa, ngati sikudziwa. Mayi a Tereza amanena zomwezo, mawu osasintha, ine ndimadikira mpaka mpeni uleke, ndiye ndimawayankha. Ndipo chimene ndimawauza iwo ndikukuuzani inunso, wokana akane: ng'ona imene ija inali ng'ona.