Chipewa Changa ndi Nkhulukulu ya Kuphiri

Pachithunzi cha ukwati wa mwana wanga Esinati, chipewa changa chilibe nthenga ngakhale imodzi. Anthu amati ndinaiwala. Lero ndiulule.

Ine ndakhala ndikutola nthenga za mbalame zosomeka pachipewa kuphiri la Zomba kuyambira ndili kalaliki m'boma. Lamulo langa linali limodzi: kutola yogwa yokha, mbalame osaikhudza. Ndinkalilalikira paliponse, ngakhale pamaliro (akazi anga, mayi a Esinati, ankachita kunditsina kuti ndikhale chete).

Ukwati utayandikira, mtima unalakalaka nthenga yofiira ya nkhulukulu, kuti akuchimuna adziwe kuti akwatira kwa anthu. Ndinakwera phiri maulendo atatu, osapeza kanthu. Potsika ndinaima pa a Namakhwa, bambo wogulitsa zipatso za sitiroberi m'mbali mwa msewu.

"Mukaona nthenga yofiira mundisungire," ndinatero. "Sindidzakuiwalani."

Mawu aja akuti "yogwa yokha" tsiku limenelo ndinawasiya kunyumba.

Lachinayi m'mawa kunamveka odi pakhomo pathu ku Mtiya. Anali a Namakhwa, atanyamula dengu lovundikira ndi chitenje.

"Achimwene, imodzi ikanakucheperani. Ndabwera nayo mwiniwakeyo, muzisankha nokha!"

M'dengumo munali nkhulukulu yamoyo, mapiko atamatana ndi ulimbo, ikupuma movutikira kukamwa kuli yasa. Chisoni chinandigwira, manyazi ndiye osanena. Mayi a Esinati anasuzumira n'kufunsa mwaulemu, "Bambo a Esinati, lamulo lija ndi limeneli?"

Tinaichotsa ulimbo ndi mafuta ophikira amene tinasungira ukwati, nthenga imodziimodzi, iyo ikundijompha zala. A Namakhwa ndinawakalipira mpaka analonjeza kutaya ulimbo wawo, kenako ndinawapepesa, poti wowatuma ndinali ine.

Masana ndinanyamula dengu kubwerera kuphiri. Wakabaza ananditsitsa panjira, akuti chitunda chamukulira. Ndikuyenda choncho, thukuta lili kamukamu, ndinangoti gululu ndi mlonda wa nkhalango.

"Madala, mwanyamula chiyani?"

Ine, mkulu wa mpingo wathunthu, ndinati, "Nkhuku."

Pomwepo nkhuku yanga ija inati, "Khoo-khoo-khoo!" kulira kumene aliyense wokulira ku Zomba amakudziwa.

Mlondayo anavundukula chitenje, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa. "Kodi si inu munkatiphunzitsa za nthenga zogwa zokha pamaliro aja a ku Mbedza?"

Ndinavula chipewa n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu. Anapukusa mutu.

"Onse amene ndimawagwira amakhala akutsika nazo. Wokwera nayo ndinu woyamba. Tiyeni."

Anandiperekeza mpaka kumitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa mtsinje. Mbalameyo inakhala kaye pamlomo wa dengu, mtima wanga uli m'mwamba. Kenako inatambasula mapiko, kufiira kwake inu! Inauluka itandisiyira chitosi paphewa, ndipo sindinafulumire kupukuta. Ndinanyada kwabasi.

M'dengu munatsala nthenga imodzi yofiira. Kaya inagwa yokha, kaya inazulidwa ndi ulimbo, sindinadziwe, choncho sindinaivale. Ndinaisunga m'Baibulo, ndipo ku ukwati ndinavala chipewa chopanda nthenga iliyonse chifukwa cha manyazi.

Masiku ano ndikakwera phiri n'kumva khoo-khoo, ndimauza aliyense kuti ndi yanga ija. Mayi a Esinati amaseka, amati nkhulukulu zilipo zambiri. Zilipodi zambiri, koma ndikanavala chipewa cha nthenga yofiira zikanachepa ndi imodzi.